Bwalo la Kumwamba

 Ino ndi pulogalamu yathu ya pa wailesi yophunzira za m'Baibulo. Sendezani mpando, ndipo ngati Baibulo lili m'nyumbamo tumani mwana akakutengereni, chifukwa lero tilitsegula kangapo.

Ndiyambe ndi funso. Mukatsinzina n'kuganiza za kumene kuli Mulungu, mumaona chiyani? Ambirife timaona mpando umodzi, kuwala kothobwa m'maso, ndi angelo akuyimba. Basi. Koma aneneri a Israeli akamafotokoza za kumwamba, kawirikawiri ankafotokoza chinthu chimene inu ndi ine tinakula tikuchiona kumudzi. Ankafotokoza bwalo.

Mukulidziwa bwalo la mfumu. Pansi pa kachere anthu akhala, mfumu ili pampando wake, nduna zili mbali ndi mbali. Mfumu sithamangira kutsegula pakamwa. Imasiya nduna zifunse, wina anene zake, winanso anene zake. Pali wotumidwa kukaitana mboni, pali wofukula zimene wina akubisa. Zonse zikatha mfumu imagamula, ndipo ikagamula nkhani yatha. Mwana wamng'ono amene wakhala kumbuyo amaona anthu ambiri akuyankhula, komabe sasokoneza nduna ndi mfumu.

Baibulo limajambula kumwamba motero. Limati Mulungu ali ndi msonkhano wa zolengedwa zauzimu zimene zimaima pamaso pake. Pena limazitcha ana a Mulungu, pena oyera, pena khamu la kumwamba, ndipo pena, musadzidzimuke, limazitcha milungu. Mfundo yathu lero ndi iyi, ndipo ndiibwereza kangapo kuti tiyende nayo limodzi: bwalo lilipo, okhalamo ndi ambiri, koma mwini bwalo ndi mmodzi.

Tiyenda chonchi. Tiyamba ndi mneneri amene anasuzumira m'bwalomo. Kenako tipita ku Syria kukaona zimene mlimi wina anafukula mwangozi. Pomaliza tikhala pansi ndi salimo lalifupi limene milungu ikuzengedwa mlandu.

Tsegulani buku loyamba la Mafumu, mutu 22. Ahabu, mfumu ya Israeli, akufuna kulanda mzinda wa Ramoti Giliyadi m'manja mwa Aaramu, ndipo wapempha Yehosafati, mfumu ya Yuda, kuti apitire limodzi. Yehosafati akuti ayambe afunsira kwa Mulungu. Ahabu akusonkhanitsa aneneri pafupifupi 400, ndipo onsewo pakamwa ndi pamodzi: pitani, mukapambana. Mmodzi wa iwo, Zedekiya, anachita kusula nyanga zachitsulo kuti aonetse mmene mfumu ikagundire adani. Koma Yehosafati mtima sunakhale pansi. Anthu 400 akamavomerezana chilichonse, munthu wanzeru amakanda m'mutu. Anafunsa ngati panalibenso mneneri wina. Ahabu anavomera kuti alipo mmodzi, Mikaya, koma anati amadana naye chifukwa sanamulosereko zabwino.

Mikaya atabwera, anayamba ndi kunena zomwezo zimene anzake ankanena, koma mwachipongwe, mpaka Ahabu mwiniwake anazindikira n'kumulumbiritsa kuti anene zoona. Apa ndi pamene Mikaya anaulula zimene anaona. Anati anaona Yehova ali pampando wake waufumu, khamu lonse la kumwamba litaima kudzanja lamanja ndi lamanzere. Yehova anafunsa bwalolo kuti ndani akanyengerere Ahabu kuti apite ku Ramoti Giliyadi akafere komweko. Wina ananena izi, wina izo. Kenako mzimu wina unatuluka pagulupo n'kudzipereka. Yehova anaufunsa kuti ukachita bwanji. Iwo unati ukakhala mzimu wonama m'kamwa mwa aneneri onse a Ahabu. Ndipo Yehova anaulola kuti upite.

Mwaliona bwalo? Pali funso, pali kukambirana, pali wodzipereka, pali chilolezo. Komanso taonani kuti zoti Ahabu afe sizinali pa zokambirana. Chigamulocho chinali chitaperekedwa kale. Bwalo linkangokambirana njira.

Ndikudziwa kuti wina kunyumbako wakwinya nkhope. Mulungu wachoonadi angatume bwanji mzimu wonama? Funsoli ndi lolemera, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Koma chimene ine ndimaona ndi ichi. Msamphawo sunabisidwe. Mikaya anauika poyera pamaso pa Ahabu, n'kumuuza kuti aneneri akewo akumunamiza. Ahabu anamva zonse ndi makutu ake. Zedekiya anam'menya Mikaya khofi, Ahabu n'kulamula kuti am'tsekere m'ndende azingom'patsa chakudya chochepa ndi madzi ochepa. Kenako mfumuyo inavula zovala zaufumu n'kudzibisa ngati msilikali wamba. Kunkhondoko munthu wina anaponya muvi mwachisawawa, muviwo n'kukalowa polumikizira chovala chake chachitsulo. Dzuwa likulowa, Ahabu anafera m'galeta lake.

Nkhani iyi ikutiuzanso kuti mneneri anali ndani m'maso mwa Aisraeli. Mneneri weniweni anali munthu amene waloledwa kulowa m'bwalomo, wamva zimene zagamulidwa, n'kutumidwa kukazinena. Yeremiya, m'mutu 23, akulimbana ndi aneneri onama a nthawi yake, ndipo funso limene akuwafunsa ndi lomwelo: kodi munaimapo m'bwalo la Yehova? M'Chiheberi mawu amene anagwiritsa ntchito ndi akuti sod. Mawuwa amatanthauza kagulu ka anthu okhulupirirana, komanso chinsinsi chimene kaguluko kakusunga. Ife tili ndi mawu oyandikira kwambiri, akuti upo. Ndipo Yeremiya akupereka muyeso wake. Akuti amene analowadi mu upo wa Mulungu amabweza anthu ku njira zawo zoipa. Masiku ano, pamene aneneri achuluka ngati bowa wa m'dzinja, muyeso umenewo sunathe ntchito. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Bwalo lomweli timalipezanso m'malo ena amene mumawadziwa bwino, kungoti mwina simunawawerengepo ndi diso limeneli. Buku la Yobu likuyamba ndi tsiku la msonkhano. Ana a Mulungu abwera kudzaonekera, ndipo pakati pawo pabweranso amene Mabaibulo athu amamutcha Satana. M'Chiheberi cha m'ndimeyi, mawuwo sanalembedwe ngati dzina la munthu. Analembedwa ngati udindo: woneneza, wotsutsa, ngati uja timati woimira boma pamlandu. Ntchito yake ndi kuyendayenda m'dziko kufufuza, kenako n'kubweretsa chinenezo. Ndipo ngakhale iyeyo sakhudza chilichonse cha Yobu asanaloledwe, komanso sadumpha malire amene wapatsidwa.

Yesaya naye, chaka chimene mfumu Uziya inamwalira, anaona Ambuye pampando wautali, aserafi a mapiko asanu ndi limodzi ataima mozungulira. Anamva funso likufunsidwa kuti atumidwe ndani. Ndi funso lofanana ndi lija la m'nkhani ya Mikaya, koma ulendo uno wodziperekayo si mzimu. Ndi munthu, Yesaya mwiniwake, milomo yake itangoyeretsedwa ndi khala la moto.

Palinso kachinthu kakang'ono m'mutu woyamba wa Genesis. Pamene Mulungu akunena zolenga munthu, sakuyankhula ndi "ndi-", akuyankhula ndi "ti-". Khutu la Chichewa silidabwa nazo, chifukwa ife munthu wamkulu mmodzi timamuchulukitsa pomulemekeza, ndipo mfumu ikhoza kunena kuti "tamva" ili yokha. Koma akatswiri ambiri a Chiheberi amati m'chiyankhulo cha Baibulo mfumu sinkadzichulukitsa motero poyankhula. Ndiye Mulungu ankayankhula ndi yani? Akhristu kuyambira kale amamvapo Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Mphunzitsi wotchuka wa Chiyuda, Rashi, amene ankakhala ku Troyes m'dziko la France ndipo anamwalira mu 1105, anati Mulungu ankafunsira kwa angelo, pofuna kuphunzitsa akuluakulu kuti asamanyoze kufunsa kwa aang'ono. Kaya mutsata ziti, ndime yotsatira ikubwerera kwa mmodzi. Amene analenga ndi mmodzi. Bwalo linamva, koma silinaumbe nawo.

Ndibwereze mfundo yathu ija tisanapume pang'ono. Bwalo lilipo, okhalamo ndi ambiri, koma mwini bwalo ndi mmodzi. Tikabwerako tikambe za mawu ovuta aja akuti milungu.

(Nyimbo pang'ono)

Tabweranso, omvera athu. Ngati mwangotipeza kumene, tikukamba za bwalo la kumwamba monga mmene Baibulo limalifotokozera.

Ndinati pena Baibulo limatcha okhala m'bwalomo kuti milungu. Mawu a Chiheberi ndi akuti elohim. Mawu amodzimodziwa amagwiritsidwa ntchito ponena za Mulungu wa Israeli, ponena za milungu ya mitundu ina, ndipo m'buku loyamba la Samueli, pamene mayi wa ku Endori anaona mzimu wa Samueli ukutuluka pansi, mawu amene ananena ndi omwewo. Choncho mawuwa paokha satanthauza Namalenga. Amaloza aliyense wa ku dziko losaoneka. Zili ngati mawu athu akuti mfumu. Nyakwawa ndi mfumu, gulupu ndi mfumu, Kalonga Gawa Undi nawonso ndi mfumu, koma palibe amene amaganiza kuti mipando yawo ndi yofanana.

Fanizoli lili ndi polekezera pake, ndipo ndikuuzeni ndekha musanandigwire. Mafumu onse ndi anthu, obadwa mofanana. Koma Baibulo limati Mulungu ndiye analenga khamu lonse la kumwamba. Nehemiya akutero m'mutu 9, ndipo Salimo 148 likuteronso. Iwo ali ndi chiyambi, iye alibe. Komanso wina angafunse ngati awa ndi mizimu ya makolo. Ayi. Ana a Mulungu a m'bwalomo si anthu amene anafa. Buku la Yobu limati iwo analipo kale, akufuula mokondwera, pamene maziko a dziko ankaikidwa.

Tsopano tiyeni ku Syria. M'chaka cha 1928, mlimi wina ankalima m'munda mwake pafupi ndi nyanja ya Mediterranean, kumpoto kwa mzinda wa Latakia. Pulawo yake inagunda mwala. Atausuntha anapeza manda akale. Nthawi imeneyo dziko la Syria linali m'manja mwa France, ndipo chaka chotsatira katswiri wofukula zakale, Claude Schaeffer, anayamba kukumba pachitunda chapafupi chotchedwa Ras Shamra. Pansi pake panali mzinda wa Ugarit, umene unawonongedwa zaka pafupifupi 1,200 Yesu asanabadwe. M'mabwinjamo anapezamo mapale adongo olembedwa ndi zilembo 30, zochita kudinda ndi kamtengo dongo likadali lofewa. Pasanathe nthawi yaitali akatswiri anatha kuziwerenga, chifukwa chiyankhulocho ndi chapachibale ndi Chiheberi, ngati mmene Chichewa chilili ndi Chitumbuka.

Mapalewa anatsegula zenera loonera mmene anansi a Aisraeli ankaganizira. Nawonso anali ndi bwalo la milungu. Pamwamba panali El, nkhalamba ya ndevu zoyera, tate wa milungu. Mkazi wake anali Athirat, amene m'Baibulo timamumva kuti Asera, ndipo zolembazo zimati mayiyu anali ndi ana 70. Sungani nambala imeneyo, tiifuna posachedwa. Panalinso Baala, mulungu wa mvula ndi mphenzi, yemwe uja Eliya analimbana ndi aneneri ake pa phiri la Karimeli. Ngakhale mawu otchulira msonkhanowo amafanana ndi a m'Baibulo.

Koma tamvani mmene bwalo la ku Ugarit linkayendera. M'nthano ina, mulungu wa nyanja, Yam, akutuma amithenga ku msonkhano kuti amupatse Baala akhale kapolo wake. Milungu itaona amithengawo ikugwetsa nkhope mpaka pamawondo chifukwa cha mantha. Baala akuikalipira. Ndipo El, mwini mpando, akugonja n'kumupereka Baalayo. Limenelo ndi bwalo la pabanja lodzaza ndi nsanje, mantha ndi kulimbirana ufumu, pamene wapampando akhoza kuopsezedwa.

Ndiye tinene kuti Aisraeli anangokopera? Apa akatswiri amagawikana. Ena amati makolo a Aisraeli poyamba ankakhulupirira milungu yambiri ngati anansi awo, ndipo pang'onopang'ono milungu inayo inatsitsidwa n'kukhala angelo. Ena amati olemba Baibulo kuyambira pachiyambi ankaona Yehova ngati wosiyana ndi onse, kungoti ankayankhula m'chiyankhulo chimene anthu a m'dera lonselo ankachimva. Chimene mbali zonse zimavomereza ndi chakuti m'Baibulo mmene tilili nalo lero, bwalolo lasintha. Okhalamo ambiri alibe mayina. Palibe amene amaopseza wapampando. Palibe mayi wa milungu wokhala pambali pake. Ngoma ndi yomweyo ya m'deralo, koma gule wake ndi wina.

Tsopano tifike pa ndime imene ingakudabwitseni kwambiri, chifukwa Baibulo lanu ndi la mnzanu akhoza kusiyana pamenepa. Ndi Deuteronomo mutu 32, ndime 8 ndi 9. Ndimezi zikunena za nthawi imene Wam'mwambamwamba anagawa mitundu ya anthu n'kuiikira malire. Funso ndi lakuti anaigawa potsata chiwerengero cha yani. Mabaibulo ambiri akale, monga la Chingerezi la King James la mu 1611, amati chiwerengero cha ana a Israeli. Anatsata mipukutu ya Chiheberi imene alembi a Chiyuda ankakopera m'zaka zapakati. Koma Baibulo la Chigiriki, limene linayamba kumasuliridwa ku Alexandria zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, limati chiwerengero cha angelo a Mulungu. Kwa zaka zambiri anthu ankangoti omasulira a Chigirikiwo anawonjezera zawo.

Kenako mu 1947 abusa a ziweto anapeza mipukutu m'phanga ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa. Mu 1952 kunapezekanso phanga lina lodzaza ndi tizidutswa tambirimbiri. Pakati pa tizidutswato panali kachidutswa ka ndime yomweyi, m'Chiheberi, kakale ndi zaka pafupifupi 1,000 kuposa mipukutu ija imene omasulira akale ankadalira. Ndipo kachidutswako kakuti ana a Mulungu. N'chifukwa chake Mabaibulo ambiri atsopano anasintha, kapena amaika mawu ang'onoang'ono pansi pa tsamba.

Mwaikumbukira 70 ija? Genesis mutu 10 ukutchula mitundu ya anthu a padziko, ndipo Ayuda kuyambira kale amaiwerenga kuti ndi 70. A m'banja la Yakobo amene anapita ku Ejipito analinso 70. Choncho akatswiri ambiri amaganiza kuti mlembi wina, poopa kuti owerenga angaganize kuti Israeli ali ndi milungu yambiri, anaika ana a Israeli m'malo mwa ana a Mulungu, ndipo nambala sinasokonekere.

Tanthauzo la mawu akalewo ndi lotani? Ndi lakuti Mulungu anapatsa mtundu uliwonse woyang'anira wake wauzimu, ngati mfumu yaikulu ikugawira nyakwawa midzi, koma Israeli anamusunga kukhala gawo lakelake. Ena amawerenga kuti Wam'mwambamwamba ndi wina, Yehova ndi wina amene anangolandira gawo. Ine sindikuona choncho m'buku limeneli, chifukwa m'mutu 4 wa Deuteronomo yemweyo, amene akugawira mitundu khamu la kumwamba ndi Yehova mwiniwake. Ganizo lomweli likutulukiranso m'buku la Danieli, mutu 10, pamene mthenga wakumwamba akuuza Danieli kuti anachedwa masiku 21 chifukwa kalonga wa Perisiya anamutsekereza, mpaka Mikayeli anabwera kudzamuthandiza. Kalonga ameneyo si munthu. Ndi woyang'anira wosaoneka wa ufumuwo.

Apa ndi pamene Salimo 82 likulowera, ndipo kwa ine iyi ndiye nsonga ya nkhani yonse. Salimoli ndi lalifupi, ndime zisanu ndi zitatu zokha. Likuyamba ndi Mulungu ataimirira pakati pa msonkhano. Kumudzi mfumu ikaimirira pabwalo mumadziwa kuti zinthu zafika poipa. Ndipo oimbidwa mlandu si anthu a m'mudzi. Ndi nduna zomwe. Ndi milungu ija.

Tamvani mlandu wake. Mukanayembekezera kuti Mulungu awadzudzula chifukwa cholandira nsembe zimene sizinali zawo, kapena chifukwa chodzikweza. Koma salimoli silikutchula zimenezo. Mlandu ndi wakuti akhala akuweruza mokhota, akukondera anthu oipa. Sanateteze wofooka. Sanaimire mwana wamasiye. Sanalanditse mmphawi m'manja mwa womupondereza. Ndipo wolemba salimoli akuti chifukwa cha zimenezi maziko a dziko lapansi akugwedezeka. Taganizirani kulemera kwa mawu amenewo. Mwana wamasiye akalandidwa munda wa makolo ake, ife timati ndi nkhani ya pabanja. Salimoli likuti ndi chivomezi.

Kenako chigamulo. Mulungu akuvomereza kuti iwo ndi milungu, ana a Wam'mwambamwamba, komabe akuti adzafa ngati anthu, adzagwa ngati kalonga wina aliyense. Udindo walandidwa, ndipo moyo wosafa walandidwa nawo.

Ndiyenera kukuuzani kuti si onse amene amawerenga salimoli motero. Kwa zaka mazana ambiri, aphunzitsi a Chiyuda ndi a Chikhristu ankati milungu yotchulidwayo ndi oweruza a Israeli, anthu opatsidwa dzina laulemu chifukwa ankaweruza m'malo mwa Mulungu. Aphunzitsi ena a Chiyuda ankati ndi Aisraeli onse pa phiri la Sinai. Mwina m'tchalitchi mwanu munamvapo ulaliki wotero, ndipo sindikuti abusa anu anakusokeretsani. Koma ine chimandivuta ndi chigamulo chija. Munthu ungamuopseze bwanji kuti adzafa ngati munthu? Ndi ngati kuopseza nsomba kuti idzanyowa. Chilangocho chimamveka ngati wolangidwayo sanali woti n'kufa. Komanso salimoli likutha ndi pemphero lakuti Mulungu adzuke aweruze dziko, chifukwa mitundu yonse ndi cholowa chake. Mukaika mawu amenewa pambali pa ndime ija ya Deuteronomo, zikulumikizana. Mitundu inagawidwa kwa oyang'anira, oyang'anirawo alephera, ndiye mwini wake akutenganso zonse.

Komabe kaya mukuti ndi oweruza a padziko, kaya mukuti ndi a kumwamba, muyeso wake susintha. Mpando umayesedwa ndi zimene zachitikira wofooka. Ngati amene ankatchedwa milungu anachotsedwa chifukwa cha mwana wamasiye, ndikusiyirani nokha kuganizira za amene ali ndi chidindo m'manja pansi pano, kuyambira wapampando wa komiti ya pamudzi mpaka kumtunda.

Yesu ankalidziwa salimoli. Mu Uthenga wa Yohane mutu 10, ali m'khonde la Solomoni nthawi yozizira, anthu anatola miyala kuti amugende, akuti akudziyesa Mulungu. Iye anawakumbutsa salimo lomweli, kuti ngati Malemba anatcha ena milungu, angamunene bwanji zonyoza Mulungu amene Atate anamupatula n'kumutuma padziko.

Chinthu chimodzi ndisachisiye, kuopa kuti wina angachoke pano n'kuyamba kufunafuna mayina a nduna zakumwamba kuti azizipempherera. Baibulo lomwe likutionetsa bwalolo ndi lomwenso likuletsa kupembedza okhalamo. Paulo anachenjeza Akolose za kupembedza angelo. M'buku la Chivumbulutso, Yohane kawiri konse anagwada pamapazi a mngelo, ndipo kawiri konse mngeloyo anamukaniza, n'kumuuza kuti nayenso ndi wantchito mnzake. M'buku lomwelo muli akulu 24 okhala pamipando mozungulira mpando waukulu, atavala zisoti zagolide, ndipo chimene amachita ndi zisotizo ndi kuzivula n'kuziponya patsogolo pa mpando waukuluwo. Nthawi zina tikamayimba timati Yehova wa makamu, osaganizira kuti makamuwo ndi ati. Ndi amenewa. Bwalo lilipo, okhalamo ndi ambiri, koma mwini bwalo ndi mmodzi.

Nthawi yatithera, omvera athu. Ndikusiyireni ntchito ziwiri. Yoyamba, tsegulani Deuteronomo 32 ndime 8 m'Baibulo limene muli nalo, kaya ndi Buku Lopatulika, kaya ndi Buku Loyera, kaya lina, kenako mukabwereke la mnansi wanu muone ngati akunena zofanana, osaiwala mawu ang'onoang'ono a pansi pa tsamba. Yachiwiri, musanagone lero werengani Salimo 82 mokweza, banja lonse likumva, kenako mufunsane kuti kodi oimbidwa mlanduwo ndi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani mlandu wawo ndi wa mwana wamasiye. Ana nawonso muwalole ayankhe.

Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzatsegula Genesis mutu 6, pamene ana a Mulungu anaona ana aakazi a anthu. Mudzabwere ndi mafunso anu.